Ozell Tarver ndi Mnyamata Wodzamulanda Malo

Ozell Tarver anachoka kwawo ku Yazoo, ku Mississippi, ali ndi miyendo iwiri yabwino ndi njala ya kutchuka. Ntchito yake m'timu ya mpira wa ku America inali yolandira mpira m'manja, kuufungata pachifuwa, n'kuboola khoma la zimphona zofuna kumugwetsa. Chaka chake choyamba anthu a mumzinda wozizira wa kumpoto kumene ankasewera anapenga naye, ana n'kumavala nambala yake kumsana. Koma m'timu anali mwana ndithu. Ulendo uliwonse wa pandege ndiye ankabweretsera akuluakulu nkhuku yokazinga, ikazizira n'kumutukwana.

Clarence, wosewera wamkulu amene Ozell anamupeza akugwira ntchito yomweyo m'timumo, sanamuphunzitse kanthu. Moni weniweniyo ankachita kumuumira. Ozell anadana naye munthuyo, osadziwa kuti mkuluyo anali chabe ndi mantha olandidwa malo.

Wothamanga ndi mpira sachedwa kukalamba. Anzake a msinkhu wake akuyamba kumene kukwezedwa pantchito, iye bondo anali atalipereka kale kwa madokotala, ndipo Lolemba lililonse ankatsika masitepe chafutambuyo, mkazi wake Renita atamugwira lamba. Liwiro litatha anatsala ndi luso limodzi lomwe palibe amaliombera m'manja: kuima pambali pa woponya mpira, kuzindikira mdani amene akubwera mozemba kudzamuphwanya, n'kumutsekera njira ndi thupi.

Kenako timu inatenga Jamari Odum, mnyamata wa liwiro loopsa koma mbuli yeniyeni pa zotchingazi. Kochi ananena poyera kuti mwanayo salowa m'bwalo mpaka ataphunzira kuteteza woponya. Aliyense anamva. Malo anali amodzi, ndipo Ozell akanakhalabe m'timu pokhapokha Jamari atapitiriza kulephera.

"Bambo a Imani, mutseke pakamwa panupo," anatero Renita akumumanga madzi oundana pabondo. "Sindinu aphunzitsi inu. Imani wangozolowera kumene sukulu kuno, mukufuna tisamukenso?"

"Ndamva, mayi."

"Mwamva chiyani? Nkhope imeneyo ndimaidziwa ine."

Anayesetsa ndithu, munthu wa Mulungu. M'dzuwa loswa mtengo la Ogasiti, pa zokonzekera, ankangoonerera Jamari akugwetsedwa chagada, Kochi akumukalipira, anzake akumuseka. Tsiku lina anamupeza kuseri kwa makina ochapira mayunifomu, chinyamata chonse chija misozi ili chuchuchu. Ozell anadutsa ngati sanaone. Atafika pakhomo anabwerera. Zinamuwawa, chifukwa kulira kumeneko ankakudziwa.

"Dzuka, mphwanga. Ukulira maliro a ndani?"

"Madala, munthuyo sindimuona. Ndimangozindikira ndili pansi."

"Chifukwa umamuyang'ana m'maso ngati ukufuna kumufunsira. Yang'ana mapazi. Amene watsamira zala zakumapazi ndiye akubwera."

Anamuphunzitsa madzulo aliwonse anzawo atapita kukasamba. Mutu uike apa, manja m'kati, usadikire, yamba ndiwe kumugunda. Jamari anali wa mutu wogwira. Pa masewera omaliza oyeserera anatchinga chimphona china mpaka bwalo lonse linaima, ndipo Ozell, ali pabenchi, anadumpha n'kukuwa kuposa onse, bondo kuliiwala. Atakhala pansi m'pamene anazindikira kuti malo ake apita.

M'mawa mwake atangomaliza zolimbitsa thupi, munthu wa ku ofesi, uja osewera amathawa kukumana naye maso, anamugwira phewa. "Akulu, a Kochi akukufunani." Sizinatenge nthawi. Anamuyamikira kwambiri, monga amachitira akamakuchotsa.

Timu ina sinamuitanenso. Lero amayendetsa basi ya ana a sukulu ku Yazoo, ndipo Renita anamukhululukira, ngakhale kuti sanafulumire. Mukamufunsa ngati amanong'oneza bondo amangoseka, amati bondo lenilenilo linatha kale. Koma za m'mawa umenewo sazinena akuseka.

Atachoka kwa Kochi n'kubwerera kuchipinda chosinthira zovala, anapeza dzina lake atalimatula kale pakabati. Anayamba kulongedza m'thumba lakuda la pulasitiki lomwe anamupatsa. Jamari analowa akuimba mluzu, atanyamula chisoti ndi zotchinga mapewa za Ozell kuchokera kubwalo, monga wosewera watsopano aliyense amachitira mkulu wake. Anaima pa kabati yopanda dzina ija, n'kuyang'ana thumbalo. Mluzu unathera pomwepo.

"Madala... izi ndiike pati?"

"Kapereke kosungira katundu wa timu, mphwanga," anatero Ozell, osadzutsa mutu. "Mawa unyamula zako zokha."