Masamba Pamlatho, Maliro Kulibe

Amene anajambula msewu watsopano wodutsa kwathu ku Nyimba sindinamuonepo, koma ndimadana naye ngati tinalandana mwamuna. Anatipatsa msewu wotakata, wosalala, ndipo m'mbali mwake analembamo mzere wachikasu, nati kuseri kwa mzerewo ndi kwa anthu a njinga. Mpaka chikwangwani anaimika, chojambulidwa kanjinga kopanda wokwera, kopandanso katundu. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba nawo, chifukwa panthawiyo okonzawo anali asanafike pamlatho.

Atafika pamlatho wa kamtsinje kathu, polowera m'tauni, nzeru zinawathera. Mlatho anausiya wakale womwe uja, wopapatiza, anangoupaka phula pamwamba ndi kuukhomera zitsulo zonyezimira m'mbali. Njira ya njinga imabwera bwinobwino kutsika chitunda, kenaka imayamba kuonda, kuonda, mpaka kukathera pachitsulo. Wokwera njinga akafika pamenepo aulukire kumwamba kapena alowe pakati pa mathiraki, asankhe yekha. Kumbali anaikako kanjira ka oyenda pansi, kokwera ndi masitepe, koti mayi wosenza mtolo amadutsa chammbali. Njinga yonyamula mikoko ya nthochi singalowemo ngakhale mutaipempherera.

Okonza msewuwo asanachoke ndinafunsa mmodzi wa iwo, wa chipewa cholimba, kuti nanga a njinga adutsa pati. Anati mlatho ndi gawo lachiwiri, lidzabwera. Anapakira makina awo n'kupita, ndipo gawo lachiwirilo mwina linagwera mumtsinje panjira, chifukwa mpaka lero sitinalione. Kale maenje a mumsewu ankawagwira miyendo madalaivala. Maenje atatha, anayamba kutsika chitunda chija paliwiro lonse, ndipo ukadandaula anthu ankangoti walira mvula walira matope.

Ndimadziwa zonsezi chifukwa tebulo langa la nthochi linali chapafupi pomwepo, tsidya la m'tauni, ndipo wondibweretsera nthochizo anali amuna anga. M'mawa uliwonse ankapita kumadimba a kutsidya, n'kubwerako dzuwa litakwera, atamanga mikoko pakeliyala, ina ikulendewera uku ndi uku, njinga itatupa ngati ng'ombe ya bere. Ndinkawaona akuyamba kutsika chitunda, ndipo kuyambira pamenepo mpaka atatuluka pamlatho sindinkamva chimene wogula akunena.

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa msewu wa ku Chipata uno amadziwa lamulo limodzi: hutala ikalira kumbuyo, usacheuke, ponya njinga kumanzere, kuudzu. Sitinaliphunzire kusukulu, manja amangochita okha. Lamuloli lapulumutsa anthu kuyambira ku Kacholola mpaka ku Petauke, chifukwa konseko kumanzere kuli thengo. Pamlatho kumanzere kuli chitsulo, ndipo kuseri kwa chitsulocho kuli miyala ya mumtsinje. Koma manja sadziwa zimenezo.

Tsiku lina thiraki ya mafuta inatulukira pachitunda amuna anga ali pakati pa mlatho. Inaliza hutala. Iwo anakhotetsa kumanzere monga mwa nthawi zonse, mkoko unakola chitsulo, njinga inawabweza n'kuwagwetsera mumsewu. Ndinaona matayala akudutsa pamene panali mutu wawo, ndipo ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Thiraki itadutsa, anadzuka. Matayala anaponda nthochi zokha, zinaphwanyika n'kumatirira paphula pafupi ndi phewa lawo. Dalaivala sanaime. Anangotulutsa dzanja pawindo n'kuligwedeza, kunena kuti amisala ndi ife.

Anthu anathamangirako. "Mulungu ni mukulu," anatero amayi ogulitsa chinangwa pafupi ndi ine. "Silinali tsiku lao." Mawu amenewo amandinyansa mpaka lero. Mulungu ndi wamkulu, inde, koma si Mulungu amene anathetsa njira pachitsulo. Amuna anga nawonso, chigongono chikuchucha magazi, anali kalikiliki kutola nthochi zotsala, akuseka ngati palibe chachitika.

Kunyumba ndinawauza kuti pamlatho azitsika n'kumakankha.

"Nikakankha ndiye nikhalitsa pabliji," anayankha. "Ine uku, njinga uku, nidzaza msewu wonse. Ufuna anigunde bwino?"

Ananena zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinati ndiye asiye nthochi. Anandifunsa ngati ana adzadya mzere wachikasu.

Nzeru inandibwerera pamaliro. Kunamwalira mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, nyumba yake ili m'mbali mwa msewu, ndipo anthu anaika masamba paphula uku ndi uku monga timachitira, kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Nditakhala pansi pakati pa azimayi, ndinaona thiraki yaikulu, ya mtundu womwe uja, ikufika pamasamba n'kuyamba kukwawa. Hutala zii. Ina inabwera, chimodzimodzi. Madalaivala omwe satiwerengera tili moyo ankapereka ulemu kwa munthu woti sangagundidwenso. Anzanga ankaimba nyimbo, ine mtima unali pamlatho.

Maliro atatha ndinatenga chikwanje n'kusadza nthambi za mango kuseri kwa nyumba. Amuna anga atanyamuka kupita kumadimba, ndinakaziyala pamsewu, mulu wina pamwamba pa chitunda, wina pakamwa pa mlatho, winanso tsidya lino. Kenaka ndinabwerera patebulo langa kukadikira.

Zinagwira ntchito, ndipo aliyense wofuna kunditsutsa ayambe wavomera zimenezo. Mabasi a ku Lusaka, amene sadziwa mabuleki pachitunda chija, anadutsa mwaulemu. Amuna anga anafika, anaona masamba, anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kuwoloka akukankha pang'onopang'ono, thiraki ikuwatsatira pambuyo mofatsa ngati mbuzi ya pachingwe. Atafika patebulo anandifunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati sindinamve.

Mawa lake ndinaikanso, ndipo masamba akafota ndinkasintha. Koma tauni yathu ndi yaing'ono, ndipo maliro sabisika. Azimayi anayamba kufika atamanga maduku, akufunsana kuti nyumba ya siwa ili kuti. Ena anachokera kutali atamva kwa okwera njinga kuti pamlatho pali zovuta, anazungulira makomo onse osapeza wolira. Wina anandiona ndikukoka nthambi m'mawa, ndipo pofika masana nkhani inali itafika kwa alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga. Anabwera patebulo langa atamanga chitenje cholimba m'chiuno, ndipo sanapereke moni.

"Mulamu, malilo ali kuti?"

"Kulibe malilo," ndinayankha.

"Manje masamba ni a chani? Mufuna kulaula ndani? Amene apita pabliji paja tsiku na tsiku ni mlongo wanga. Mwamuikila masamba akali moyo! Manda mwamukumbila kale mumtima mwanu, kwatsala chabe bokosi."

"Nifuna kuti asafe," ndinatero. "Imwe munali kuti pamene matayala anapita pafupi na mutu wao? Munabwela na chani, kupatula pakamwa?"

Anthu anali atatizungulira. Palibe ndi mmodzi yemwe anaima mbali yanga, ngakhale a njinga za makala amene ankawoloka mwamtendere chifukwa cha nthambi zanga. Wina anati imfa ili ndi makutu, ukaiitana imabwera. Wina anati ndaseweretsa ulemu wa akufa. Amayi a chinangwa aja, amene ndinkawayang'anirira malonda akapita kuchipatala, ananena mokweza kuti mkazi wobwera sudziwa chimene anabwera nacho m'chitenje. Ine kwathu kobadwira ndi ku Nyampande, ku Petauke, ndipo zaka zonse zimene ndinakhala nawo zinafufutika masana amenewo.

Choipa kwambiri chinagwera amuna anga. Anzawo a njinga anayamba kuwatchula kuti amalemu. Akafika pamsika wina ankavula chipewa n'kunena kuti, "Amalemu afika! Mwayenda bwanji kumanda?" Munthu amene anaseka matayala atamuphonya sanathe kupirira kusekedwa. Anapita pamlatho dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, anatola nthambi zanga zonse n'kuziponya mumtsinje. Atabwera kunyumba sananditchule amake mwana monga ankachitira.

"Iwe," anatero, "ukaikako tsamba olo limodzi, ukwele basi ubwelele kwanu. Nikafa nife, koma osati kuniika nikali kuyenda."

Ndinawauza kuti ndi chitsiru chonyada, choopa kusekedwa kuposa thiraki. Ndinanenanso zina zimene sizilembedwa. Koma ana anali pakhomo akutiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ndikapita ku Petauke mlatho utsala pomwepo, ndipo bambo awo aziwolokabe popanda ngakhale wowayang'ana. Chikwanje ndinachibweza kuseri kwa chitseko. Sindinapepese kwa aliyense, ndipo sindidzapepesa.

Mathiraki anabwerera paliwiro lawo. Mvula isanagwe chaka chomwecho, bambo wina wogulitsa makala, amene nyumba yake inali pamwamba pa chitunda chomwecho, anamva hutala ali pamlatho, ndipo manja ake anachita zimene anaphunzira. Iye matayala sanamuphonye. Ndinali patebulo langa, ndinaona zonse, ndipo sindifuna kuzilemba.

Masamba anaikidwa, enieni tsopano, kuyambira pakhomo pake mpaka kutsikira pamlatho. Ndinapita kukakhuza maliro monga wina aliyense. Nditalowa m'nyumba, azimayi anasendera, kundisiyira malo aakulu kuposa amene thupi langa limafuna. Alamu anga anadikira kuti nyimbo ithe, nanena chapansipansi koma momveka kwa onse.

"Mwaona, mulamu? Munaiitana, yabwela. Yaphonya chabe khomo."

Palibe anatchula chitsulo. Palibe anatchula mzere wachikasu, kapena munthu amene anaujambula atakhala pamthunzi. Mlandu wonse unali wa mkazi mmodzi ndi nthambi za mango. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, azimayi oimba bwino aja, ndipo ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse. Ndinakhala mpaka nyimbo yotsatira itatha, kenaka ndinatuluka.

Maliro aja anatenga masiku, podikira achibale a kutali. Masiku onsewo mathiraki ankakwawa pamlatho, ndipo amuna anga ankawoloka akukankha njinga, chipewa chili m'manja, popanda wowaseka. Ndikanena kuti ndinali ndi chisoni chokha, ndinama. Ndinkadya n'kukhuta. Mutu umene unkandiwawa m'mawa uliwonse unaleka. Mkazi wa malemuyo ankagubuduka pansi pamwamba pa chitunda, ine ndikupuma bwino koyamba chaka chonsecho, ndipo ichi ndi chimene sindidzawakhululukira onsewo, ojambula msewu ndi alamu anga omwe: anandisandutsa munthu wopumulira pa imfa ya mwamuna wa mnzake.

Ataika maliro, anthu anakokera masamba kumbali. M'mawa mwake amuna anga anapopa matayala, anamanga zingwe za mphira pakeliyala, n'kunyamuka osanditsanzika, chifukwa tinali tisanayambe kulankhulana bwino. Ndinayala nthochi zotsala patebulo n'kukhala moyang'ana kuchitunda. Patapita kanthawi ndinazindikira kuti maso anga akuyenda nyumba ndi nyumba m'mbali mwa msewu, mtima ukufunsa kuti kodi umu muli nkhalamba, kodi umu muli wodwala.