Tinaikiza webusaiti m'khola la mwini

Lachiwiri masana foni inalira. Anali alamu anga a Esinala, akazi a achimwene anga, amene ali ndi nyumba yogona alendo kufupi ndi msika wa ku Bangula. Moni sanapereke.

"Alamu, chinthu chanu chija chafa."

"Chinthu chiti?"

"Webusaiti! Mlendo wa ku Lilongwe wayimba, akuti akaitsegula pakungotuluka Chingerezi choti yayimitsidwa. Imelo nayo zii. Anthu a mabungwe amasungitsa zipinda mwezi uno mvula isanayambe. Ine ndidya chiyani, Chingerezicho?"

Ndifotokoze chifukwa chake chinthucho ndi changa. Chaka chatha alamu atafuna webusaiti anatuma ine, poti pa kunenerera mtengo ndimadziwika. Ine ndi uja ndinanenerera njinga kwa Nchalo mpaka wogulitsa anandiwonjezera pampu kuti ndingomuchokera. Ndinakwera minibasi ya ku Blantyre kukakumana ndi mkulu wina wopanga mawebusaiti. Tiyeni tiziwatchula a Katswiri. Atatchula mtengo ndinaseka. Ndinanyamuka kawiri konse ngati ndikupita. Anatsitsa ndi theka. Nditapempha banyira, anati, "Chaka choyamba hositing'i ndi yaulere, bwana."

Sindinafunse kuti hositing'i n'chiyani. Ndikanafunsa bwanji, munthu woti ndangopambana kumene? Ndinatsikira kuno ndikuyimba mluzu.

Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mbuziyo ndinali ine.

Sukulu yanga inayamba Lachiwiri lomwelo, nditawayimbira a Katswiri. Webusaiti si njinga yoti ukalipira basi, wakwera, wapita. Imagona pa kompyuta yaikulu ya eni ake, ndipo pogonapo pamalipiridwa lendi chaka ndi chaka. Ndiyo hositing'iyo. Dzina limene anthu amalemba kuti aipeze, lomwe amati domeni, nalo lili ndi lendi yakeyake. Chaka chaulere chinali chitatha, ndipo mtengo wa chaka chachiwiri unameza zonse zimene ndinapulumutsa ponenerera, n'kuyasamulabe.

"Ndi madola, bwana," anatero. "Kwacha inagwa. Inu simumvera wailesi?"

"Ndiye tisamuka, tikapeza ena otchipa."

Anaseka. "Musamuka ndi chiyani? Dzinalo ndinalembetsa ine, pa imelo yanga."



Ife a kuchigwa kuno kuikiza timakudziwa. Ukakhala wopanda khola umatenga mbuzi yako kukaisiya kwa mnzako kwa Chapananga kuti azikuwetera. Koma ndani amaikiza mbuzi asanaidule khutu? Ndani amaisiya popanda mboni? Tsono ife omwewo, ochenjera pa mbuzi, tikafika pa intaneti timapereka chiweto chilibe chizindikiro, mwini khola n'kuchidula khutu mwa iye yekha, ife n'kuwomba m'manja kuti takhuta.

Musaseke ine ndekha. Sabata ino ndafunsa aphunzitsi ena a sukulu ya mkaka ndiponso mlembi wa gulu la alimi a chitowe. Onse ali ndi webusaiti. Onse sadziwa pasiwedi. Yankho lawo ndi limodzi: "Amadziwa ndi amene anatipangira."

Ndipo otipangirawo amadziwa kuti sitidziwa. Akaona fumbi la kwathu pa nsapato amatsitsa mtengo wa lero mosavuta, podziwa kuti adzatipeza chaka chamawa tilibe kothawira. Ena alipo achilungamo, sindikukana. Koma munthu amene amakuuza za chaka chaulere n'kukhala chete za chaka chachiwiri, ameneyo tizimutchula chiyani? Akanakhala pa msika wa ziweto bwenzi tikumuthamangitsa.

Popeza ndalipira kale fizi, nzeru zake tengani ulele.

Musanenerere mtengo wa lero. Funsani kuti, "Chaka chamawa ndi zingati, mu makwacha kapena madola?" Yankholo likhale lolembedwa. Ngati ndi madola, funsaninso kwa makampani a m'dziko mommuno amene amalandira makwacha, muyerekeze.

Dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina lanu, pa imelo yanu, pa nambala ya foni yanu. Apa musanyengereredwe. Dzina likakhala lanu, eni khola akakweza lendi mumangomasula chingwe n'kupita kwina.

Chinanso chimene chinandipweteka: a Katswiri anatilembetsa malo aakulu oyenera sitolo yogulitsa katundu dziko lonse, chonsecho webusaiti ya alamu ndi masamba anayi ndi zithunzi za mabedi. Mbuzi imodzi, khola la ng'ombe makumi awiri! Yambani ndi malo ang'ono, mudzakuza mukadzakula. Zithunzi muzichepetse musanaziike. Sizidya malo, komanso netiweki yathu ya kuno, ija imathawa kukangochita mitambo, imatha kuzitsegula.

Kaloko kaja kamaoneka pambali pa dzina la webusaiti, kosonyeza kuti ndi yotetezedwa, makampani ambiri amakapereka ulere. Ife tinkati tikalipire kapadera. Funsani musanatulutse chikwama.

Kulipira chaka chonse kumatchipa kuposa mwezi ndi mwezi, koma yambani mwawayesa kaye. Lembani tsiku lothera lendi pa kalendala ya kukhoma, chifukwa dzina likadutsa nthawi yake kuliwombola kumadula, ndipo wina akhoza kulitola. Pemphaninso kuti akukopereni webusaiti yonse pa fulashi, muisunge pamodzi ndi makalata a malo, pamwamba pomwe madzi osefukira safika.

Lachisanu tinapita ku Blantyre, alamu patsogolo, ine pambuyo ngati wamlandu. Mlendo wa ku Lilongwe anali atapeza kale malo kwina, ndipo alamu anandikumbutsa zimenezi pa bampu iliyonse ya mumsewu.

A Katswiri anatilandira ndi madzi ozizira. Anati kusamutsa dzina n'kotheka, koma kuli ndi mtengo wake. Ndinakonza kummero, n'kukankha mpando kuti ndinyamuke ngati ndikupita. Alamu anandigwira malaya.

"Khalani pansi, alamu. Mwanenerera mokwanira."

Anatulutsa ndalama zonse monga zinatchulidwira, koma sanazipereke. Anaziika patebulo n'kuzitsindira ndi chigongono.

"Yambani mwalemba dzina langa pamenepo, bambo, ine ndikuona. Esinala. Ndikutchulireni malembo?"

Anakhala choncho, chigongono pandalama, mpaka dzina lawo litaoneka pa kompyuta, uthenga wotsimikiza utalowa pa foni yawo, fulashi ili m'chikwama. Kenaka anatembenuza kompyutayo, n'kutchinga ndi dzanja, n'kusintha pasiwedi okha. Apo mpamene chigongono chinadzuka.

Tikutuluka ndinawanong'oneza kuti andiuzeko pasiwediyo, ndiziwasungira mwina angaiwale.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inuyo? Nkhabe, ayi ndithu."