Mthuthuthu wa Bwana pa Damu

Ndinali makaniko pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, zaka zija matipate atangokhazikika. Ntchito yanga inali mathirakitala, mapampu ndi malole onyamula masamba, ndipo ine ndi akazi anga tinkakhala m'nyumba ya kampani kumalaini. Kumunsi kwa malainiko kunali damu lothirira tiyi. Mpope wathu unkatulutsa madzi ukafuna wokha, choncho amayi onse ankachapa ndi kutunga padamupo, ndipo palibe ankaonapo cholakwika.

Kenako kunabwera manijala watsopano wochokera m'tauni, wamng'ono kwa ine koma wondiitana kuti iwe. Anabwera ndi chidole chake pa ngolo, njinga yamoto yoyenda pamadzi yomwe anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo. Anthu anaitcha mthuthuthu wa bwana. Loweruka lililonse ankazungulira nayo padamu, phokoso mpaka kufakitale, ife tikuyang'ana kukamwa kuli yasa. Pasanathe mwezi anaikapo mlonda, ati nsanza ndi mapepala a amayi zikukola makina. Kuyambira pamenepo madzi anali a kumtsinje, kutsetsereka chigwa chomwe ngakhale mbuzi imayamba yaima kaye.

Akazi anga anali oyembekezera, pakati poyamba titadikira zaka zisanu ndi chimodzi, achibale atatinena mpaka kutopa. Tsiku lina la chiperoni, njira ili tereretere, anagwa ndi ndowa pamutu pokwera chigwacho. Tinathamangira nawo kuchipatala ku Boma, koma tinabwerako awiri okha. Kunyumba anangokhala pamphasa, osalira, osayankhula, kudya mochita kukakamiza. Nditabwerera kuntchito ndinalimba mtima kukapempha bwana kuti amayi oyembekezera okha awalole padamu. Anandiyankha akulemba, osadzutsa mutu.

"Sorry za madam, koma damu si bafa. Tseka chitseko ukamatuluka."

Ndinadana naye munthu uja. Ndine wa mpingo, ndikudziwa zomwe timaphunzitsidwa, koma ndinkati ndikamuona akudutsa pa galimoto, sipanala inkandiyabwa m'manja.

Patapita masabata angapo mthuthuthu unakana kulira, ndipo anaukokera kugalaja kwanga. Unali utakhala panja nthawi yonse ya chiperoni osafunditsidwa, chifukwa mwini wake ankati chinthu cha m'madzi sichiopa mvula. Ukadina batani unkangoti tha, basi. Ndinayamba ndi batire, ndinapeza lili ndi moto wokwanira. Fyuzi inali yabwino. Ndinamasula mapulagi, anali akuda ndi mwaye, ndinawapukuta. Petulo anali ndi madzi pansi pa thanki, ndinamukhuthula. M'mimba mwa mthuthuthuwo munali mutadzaza madzi a mvula, moti ndinamasula zotsekera ziwiri zapulasitiki zakumbuyo kuti atuluke, n'kuziponya m'thumba la ovolosi. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditapeza matenda enieni. Waya wakuda wochoka kubatire kupita pa injini unali utadyeka ndi dzimbiri pomwe pali bawuti. Ntchito yake inali ya sandipepa ndi mphindi khumi.

Waya uja sindinaukhudze. Ndinabwezera mpando wophimba injini pamalo pake n'kukasamba m'manja.

Masabata atatu ndinamuvinitsa bwana. Lero ndimuuze kuti ndi kabureta, ndiimasule, ndiyale tizitsulo pa tebulo kuti akabwera aone kuti munthu akugwira ntchito. Mawa ndinene kuti mapulagi ake ndi achilendo, atumize dalaivala ku Limbe. Akabwera nawo, ndidine batani iye ali pompo, chinthu chiti tha, ine ndipukuse mutu mwachisoni chachikulu. Mkulu wa galaja, bambo wachikulire amene anandiphunzitsa ntchito, anasuzumira tsiku lina, anaona waya uja, kenako anandiyang'ana.

"Achimwene, makina awawa ngovuta zedi, eti?"

"Ngovuta, abambo."

"Basi pangani bwinobwino, musathamange."

Koma masewera aja anali ndi malire. Lachinayi lina bwana analowa m'galaja atatupa. Anati Loweruka kukubwera anzake a ku Blantyre kudzaotcha nyama padamu, ndipo mthuthuthu ukapanda kulira ndichoke m'nyumba ya kampani Lolemba. Anawonjeza kuti amakaniko a kuno timangodziwa kumenya thirakitala ndi hamala. Ndinaganiza za akazi anga, kuti ndiwatengera kuti ali choncho, pakuti kwathu ku Khonjeni kamunda kanali katagawidwa kale. Lachisanu ndinapala waya uja, ndinamanga bawuti, ndinadina batani. Injini inabangula kamodzi n'kamodzi. Ndinaizimitsa msanga, chifukwa pamtunda siichedwa kutentha, ndipo mtima unandiwawa ngati ndagulitsa mwana wanga yemwe.

Loweruka tinaukokera kudamu. Alendo anali atayala mipando, utsi wa nyama uli tolo, ndipo kumtunda othyola tiyi anali ataima ndi madengu kumsana kuonerera. Tikutsitsa ngolo m'madzi ndinapisa dzanja m'thumba kufuna kansanza, n'kukhudza zotsekera zija. Sindinama, Lachisanu ndinaziiwaladi. Koma pamene ndinazikhudza ndinali ndi nthawi yokwanira kugwada n'kuzimanga, munthu wina aliyense osadziwa. M'malo mwake ndinadikira mpaka bwana atavala jekete yake yoyandamitsa, atakwera, akufotokozera mayi wina wa magalasi akuda mmene chinthucho chimathamangira. Ndinkamudziwa bwino kuti salola wantchito kumudula mawu pamaso pa alendo. Ndipo ndinayankhula mokweza kuti onse amve.

"Bwana, pepani, pali kanthu kena kumbuyoku musanapite."

"Iwe, three weeks wakhala ukundiuza nkhani. Shut up! Uziyankhula ndikakufunsa."

"Chabwino, bwana."

Ndinabwerera m'mbuyo n'kupinda manja. Anazungulira damu kawiri, madzi akuthovoka, alendo akuwomba m'manja. Chinthu chija chikamathamanga madzi salowa kwambiri, vuto limabwera ukaima. Ndipo anaimadi, pakati penipeni, kuti amujambule. Anakweza dzanja limodzi. Kumbuyo kunayamba kutsika pang'onopang'ono, iye akumwetulirabe. Atazindikira anakoka moto, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Anadina batani, anadinanso, ine ndikuwerenga chamumtima. Posakhalitsa panatsala mphuno yokha ya mthuthuthu ndi mutu wa bwana, ukukuwa m'zinenero ziwiri.

Kusambira sankadziwa, jekete ndi imene inamusunga. Anapalasa ngati galu mpaka kufupi ndi mabango, komwe matope anamugwira miyendo, ndipo anamukoka ndi nsungwi mlonda yemwe uja ankathamangitsa amayi. Kumtunda othyola tiyi anaseka osabisa, kapitawo wawo akunamizira kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinangoima n'kumayang'ana, ndipo ndinakhuta.

Lolemba anandiitana kuofesi. Injini inali itamwa matope, yosadzukanso. Anandifunsa chifukwa chomwe sindinamuuze za zotsekera.

"Ndinayamba kunena, bwana, alendo anu anamva. Munati ndiziyankhula mukandifunsa. Lero mwandifunsa."

Ndinazitulutsa m'thumba n'kuziika pa tebulo pake. Kalata yondichotsa ntchito inali italembedwa kale, ndipo anandipatsa masiku awiri otuluka m'nyumba. Panjira yopita kumalaini ndinazindikira kuti chomwe ndinkaopa chija ndinali nditachiitana ndekha, ndipo sindinkadziwa kuti akazi anga odwala ndikawauza bwanji kuti tilibe pokhala. Ndinawapeza ali pamphasa pomwe paja. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira pa waya mpaka pa kalata, osabisa kuti ndinachita dala. Nditamaliza anafunsa za bwana.

"Anamwa madzi?"

"Anamwa."

"Ambiri?"

"Ambiri, ndi matope omwe."

Anaseka, koyamba chichokereni kuchipatala, mpaka misozi inatsika, ndipo sindinadziwe pomwe kuseka kunathera ndi pomwe kulira kunayambira. Atatha anapukuta kumaso ndi chitenje, anadzuka okha osagwira khoma, n'kundiuza kuti nditsitse masaka padenga tiyambe kumanga katundu.