Fayilo Imene Ndinafafaniza Lole Isananyamuke

Ndiyambe ndi kukonza zimene anthu akhala akunena pa Dedza boma. Ena amati kompyuta ya mu ofesi yathu inaombedwa ndi mphenzi, ena amati ndinatayirapo tiyi. Zonsezi n'zabodza, ndipo ine sindimwera tiyi pa tebulo la ntchito. Wolakwa ndine, ndi chala changa, dzuwa likuswa mtengo. Mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Nditapuma pa uphunzitsi, bungwe lina linandilemba ukalaliki. Tinali titangovotera matipate, ndipo abale athu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo anali kubwerera kwawo. Ntchito yathu inali yolumikiza mabanja amene anabalalikana pothawa. Mayina ochokera m'maboma ena ankabwera pa madisiki, ndipo ankawerengeka ndi pulogalamu ya kaundula yokha.

M'kompyuta momwemo munalinso pulogalamu yolembera makalata, imene inkatulutsa mizere yosalingana. Ine amene ndinaphunzitsa ana kulemba mwaukhondo moyo wanga wonse ndinkachita manyazi kusaina makalata otero. Choncho madisiki a pulogalamu yatsopano atafika kuchokera ku Lilongwe, sindinaugwire mtima. Kapepala kamene kanabwera nawo kankati tidikire katswiri. Sindinadikire.

Lachiwiri masana, ndili pa disiki lachitatu, kompyuta inandifunsa kuti: fayilo yakutiyakuti ilimo kale, kodi yatsopano ilowe m'malo mwake? Inu owerenga, kusukulu buku lokonzedwanso likafika, lakale timalichotsa m'kalasi. Ndinavomera. Inafunsanso, ndinavomeranso.

Makalata anayamba kutuluka okongola. Koma kaundula anakana kutseguka.

Panja pa benchi panali a Nachisale, mayi wa ku Angonia ku Mozambique amene anasiyana ndi mayi awo okalamba tsiku lothawa. Sabata iliyonse ankayenda wapansi kuchokera ku Bembeke kudzafunsa. Lole yowatengera kwawo inkanyamuka Lachinayi, ndipo disiki la mayina atsopano linali litafika dzulo lake, losawerengedwa.

"Aphunzitsi, lero bokosi lanu likuti chiyani?" anandifunsa.

Ndinawayankha kuti panalibe chatsopano. Sindinafune kuvomera kuti ndaononga. Ndikanawauza zoona, mwina akanadikira lole ina.

Masiku awiri amenewo sindinakhazikike. Ndinkazimitsa kompyuta, kuiyatsa, kuizimitsanso. Ndinapita kupositi kawiri kukaimba foni ku Lilongwe, mphepo ya m'phiri ikundilowa m'jekete, koma katswiri anali kumpoto. Lachinayi a Nachisale anadzatsanzika, mtolo uli pamutu, nati, "Mukamva kanthu, aphunzitsi, musandiiwale."

Katswiriyo, mayi wachangu wosazengereza mawu, anafika Lolemba. Atayang'ana anapukusa mutu.

"Bambo, makasu awiri amabwerekana mpini umodzi. Inu mwasemera latsopano mpini wake, wakale n'kusonkhezera moto. Linalo lilima ndi chiyani?"

Anafotokoza kuti mapulogalamu awiriwo ankadalira mafayilo othandizira amodzimodzi, ndipo kaundula sankagwirizana ndi atsopanowo. Anabwezeretsa akale kuchokera pa disiki lake, n'kuika pulogalamu iliyonse pamalo pake ndi mafayilo ake. Ola lisanathe, kaundula anatseguka. Dzina la gogo uja, mayi awo a Nachisale, linalimo: anali moyo, ku Ntcheu, akufunsa za mwana wawo.

Tinalemba makalata kutsidya kwa malire, okongola ndithu, mizere yolingana. Yankho silinabwere. Gogoyo pambuyo pake anakwera lole yopita dera lina. Ngati anaonana, ine sindidziwa.

Inu owerenga amene mwapatsidwa kompyuta m'maofesi, ndimvereni. Musanalowetse pulogalamu yatsopano, koperani mafayilo akale pa disiki lapadera. Werengani kapepala kake, mudziwe mtundu wa mafayilo othandizira umene ikufuna. Kompyuta ikafunsa za fayilo imene simuidziwa, kanani, mufunse kaye. Musachite zimenezi sabata imene munthu akukudikirani pa benchi. Ndipo mukaononga, nenani tsiku lomwelo.

Zimene zinatayika ndi izi:

Masiku asanu ndi limodzi a ntchito.

Ulendo wa katswiri, kubwera ndi kubwerera.

Makalata anayi osayankhidwa.

Kiyi wa chipinda cha kompyuta, amene bungwe linandilanda.

Maulendo onse a a Nachisale, wapansi, kuchokera ku Bembeke.