Mapilya Otopa

Oimba a masiku ano akandionetsa timabokosi tawo toponda ndi phazi amayembekeza kuti ndiyasama kukamwa. Aka kamabwereza mawu, aka kamawanjenjemeretsa, aka kamasasitsa gitala. Zabwino. Koma asamandiuze ngati kuti mawu amenewo anabwera ndi timabokosito.

Gitala yanga yamagetsi ndinaipanga ndekha kwathu ku Insaca, kutsidya kwa malire a Malawi, ufulu utangobwera kumene. Mzungu wa sitolo pothawa anasiya telefoni ndi wailesi yaikulu. M'telefonimo ndinazulamo kachitsulo kokulungidwa waya kamene kamakhala kukhutu, n'kukamata pansi pa nsambo. Nsambozo zinali waya wa mabuleki a njinga. Wailesiyo ndinaisandutsa chimkuzamawu, koma aliyense ankangoti bokosi.

Zina zonse ndinaphunzira posewera. Ukalowetsa sipika mumgolo wopanda kanthu, mawu amapita n'kubwerako ngati ukuitana munthu m'chitsime. Ukaivundikira ndi chitini n'kumachitsegula ndi chala cha kuphazi, gitala imalira uwa-uwa ngati khanda. Koma mawu amene ndinawakonda kuposa onse anabwera ndi nkhondo.

Misewu itatsekeka, mapilya, amene a ku Malawi amati mabatire, anasowa. Tinkawayanika padzuwa ndi kuwagogoda ndi mwala kuti atulutse kamphamvu kotsala. Tsiku lina ndinaika otere m'bokosi, ndinakweza mawu mpaka kumapeto, ndipo gitala inabangula. Nsambo imodzi inamveka ngati mavu atsekeredwa m'chitini, mawu okhakhala, okoka, osafuna kutha. Pilya watsopano amaimba mosalala. Wakufa saimba. Wotopa, amene ukamuika mutochi babu limangofiira ngati khala, ndiye amene ndinkamufuna.

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo, kusinthanitsa nsomba zouma ndi mapilya amene anthu ankafuna kutaya, mpaka kathumba kanadzaza. Wina anakanena kwa amilisiya, asilikali a boma a m'deralo, kuti ndikusonkhanitsira mapilya anthu a m'tchire, oti aziyendetsera mawailesi awo. Anandigwira Lachisanu anthu akutuluka mumzikiti, natenga kathumba, gitala ndi bokosi lomwe.

Mlamu wanga, msodzi wa kunyanja ya Chiuta amene ankandipatsa nsombazo, anatsatira m'mbuyo akundinong'oneza kuti ndimange lilime. Ankandidziwa. Komandante wa amilisiyawo atandifunsa za mapilyawo, ndinamuuza kuti ngati a m'tchire akumenya nkhondo ndi mapilya amenewa, ndiye sindikuona chimene chikulepheretsa amilisiya kuwagonjetsa. Mlamu anandiponda phazi. Kenako ndinapempha gitala yanga. Ndinaimba ndi mapilya atsopano a m'tochi ya komandanteyo, ndinaimbanso ndi anga.

Mlandu wa kutchire unathera pomwepo, koma panabuka wina. Komandante anati mawu amenewo ndi onyoza, akumveka ngati dziko likudwala, ndipo anthu aziti tikuseka ufulu. Analamula kuti bokosi likhale kwa iye mpaka tsiku lokumbukira ufulu. Tsikulo adzaikamo mapilya atsopano, ndidzaimbe mosalala pamaso pa anthu, ndipo ndidzalitenge. Likadzangobangula, adzaliswa ndi chidendene cha mfuti.

“Kamarada komandante, gitala yanga siinama,” ndinatero. “Ikakhuta imaimba zokhuta.”

Anandiuza kuti ndiye idzakhuta.

Tsikulo litafika anaikamo mapilya ndi dzanja lake, anthu akuona. Koma chokuzira mawu chawo chinali chitafa kalekale, choncho analumikiza maikolofoni yawo kubokosi langa kuti ayambe alankhulirapo. Analankhula sekeretale wa chipani. Analankhula mkulu wa sukulu. Kenako komandante mwini wake, kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka mithunzi itatalika, ndipo nthawi iliyonse pofuula kuti “viva” ankakweza mawu mpaka kumapeto. Ine ndinaima pambali n'kumamvetsera. Si zimene ankanena ayi. Ndinkamvetsera mawu ake akuyamba kusasa m'sipika.

Mlamu anamvanso. Anandigwira mkono n'kundichonderera kuti ndikanene kuti mapilya atopa, asinthe ndisanaimbe. Anati bokosi ndi limodzi, ndipo mutu wanganso ndi umodzi. Ndinamuuza kuti kwa munthu amene wandilanda changa sindikapempha kanthu, ngakhale pilya.

Atandiitana ndinakoleka gitala, ndinakweza mawu, ndinakhudza nsambo. Inabangula kuposa tsiku lina lililonse. Anthu amene anali atafota ndi dzuwa ndi zolankhula anadzuka n'kuyamba kuvina, fumbi linakwera, amayi ena akululutira. Sindinaime mpaka nyimbo inatha.

Komandante anabwera mfuti ili paphewa, nandifunsa ngati ndinaiwala zimene tinapangana.

“Mapilya munaika ndinu,” ndinamuyankha mokweza kuti a kutsogolo amve. “Mwawatopetsanso ndinu. Ine ndaimba zimene mwandisiyira.”

Wina m'gulumo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Komandante anatsegula bokosi, anachotsa mapilya awiri n'kuwaika m'tochi yake. Babu linafiira ngati khala. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kuti aswe bokosi anayenera kuyamba wavomera pamaso pa onsewo kuti analankhula mopitirira. Anaponya mapilyawo pansi n'kundiuza kuti ndichotse chinyalala changa pabwalo.

Ndinawatola, ndinawapukuta fumbi, ndinawabwezera m'bokosi. Tinalimanga panjinga ya mlamu, iye akunditukwana njira yonse kuti mlongo wake anakwatiwa ndi chitsiru. Kathumba kanga sanandibwezere. Koma mapilya a komandantewo anali otopa bwino kuposa onse amene ndinasonkhanitsa, ndipo ndinaimba nawo mpaka anachucha madzi.