Zaka Zinayi Zimene Sindinalembe

Ndinaganiza zochoka ku Liwaladzi chaka chimene boma linasintha, tsiku limene mayi wina pamsika anakana kundigulitsa usipa. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Khadi muli nayo?" Msika wonse unafa ndi phwete. Anthu ankaseka chifukwa kwa zaka zinayi ineyo ndi amene ndinkaima pachipata cha msikawo, kubweza aliyense wopanda khadi ya chipani. Sabata yomweyo ndinakwera basi ya ku Lilongwe.

Kumeneko ndinkagona pamphasa kwa mnzanga ku Kawale, masana n'kumasenza matumba a chimanga. Ndinkasungulumwa, koma mtima unali m'malo poti palibe ankandidziwa. Kwa achemwali anga, a Esinati, ndinkalemba kuti zinthu zikuyenda, pomwe ngakhale sopo ndinkachita kupempha.

Nditamva kuti kampani ina ikufuna kalaliki wosunga katundu, ndinapita kwa mayi wina amene ankatayipira anthu ma CV pakhonde la sitolo.

"Pepala likhale limodzi, bambo, mabwana alibe nthawi," anatero. "Dzina, sukulu, kenako ntchito, kuyambira yaposachedwa. Nanga chilembereni JC, zaka zinayi izi munali kuti? Mpata wotere amaukayikira."

Ndinati ndinkakoka makoka kunyanja. Silinali bodza lenileni, koma ndinkakoka Loweruka lokha.

Kenako anafuna keyala, ndi munthu wophunzira wondichitira umboni. M'tauni ndinalibe bokosi la ku positi, ndipo kwathu makalata a mudzi wonse amafikira kusukulu. Wophunzira wondidziwa analinso wa kusukulu komweko, mphunzitsi wamkulu, a Chirwa. Amenewa tsiku lina ndinawakhazika padzuwa pachipata paja, ana awo a sukulu akuonerera, poti anaiwala khadi m'malaya ena. Mnzanga uja anali atandiuza kuti makampani salembera mboni, amangofuna dzina papepala. Ndinatchula dzina lawo ndi keyala ya sukuluyo.

Patatha mwezi, kondakitala wina wakwathu anandipatsira uthenga wa achemwali: kalata yanga yafika kusukulu, koma a Chirwa akuti ndikatenge ndekha.

Ndinakwera basi yobwerera kwathu. Kalatayo inali mwayi wanga wokhawo, ndipo inali m'manja mwa munthu amene akanatha kuikolezera moto popanda womudzudzula. Nditatsika basi ndinalambalala msika, n'kudzera m'minda ya chinangwa.

Ndinawapeza mu ofesi akuchonga makope. Anandisiya chiimire mpaka anamaliza kope lonse.

"Mwafika, a Banda? Khalani pampando. Kuno timakhazika anthu pamthunzi."

Anatsegula dilowa n'kutulutsa envulopu yosatsegula. Anati inabwera pamodzi ndi ina, yopita kwa iwowo, yofunsa za khalidwe langa. A kampani anali atawatumiziranso CV yanga.

"Ndawerenga kuti munali msodzi," anatero. "Nsomba zake tinali ifeyo?"

"Aphunzitsi, ndinalakwa. Mwawayankha chiyani?"

"Zoona zokhazokha. Ndalemba kuti mumalawirira pantchito, simujomba, ndipo mukauzidwa kulondera chipata, ngakhale mphunzitsi wanu sadutsa. Wosunga katundu amafunika wotero."

Sanaseke. Anandipatsa envulopu ija, ndipo ndinaitsegula pomwepo. Ankandiitana ku intavyu Lachinayi.

"Zaka zinayizo sindinazitchule," anapitiriza. "Si zanga. Akakakufunsani, mukanene nokha. Mukanama, musadzalembenso dzina langa."

Lachinayi anandifunsadi, ndipo ndinanena zonse. Ntchito ndinaipeza, ndipo ndinaigwira zaka zambiri.

Koma chimene chimandibwerera mpaka pano ndi masana aja, nditatuluka mu ofesi ya a Chirwa. Ndinadzera pamsika, poti manyazi ozemba anali atandikwana. Mayi wa usipa uja anandiona ndili patali.

"Kalata ija mwalandira?" anafuula. "Tonse timaidikira. Pitani mukagwire ntchito yeniyeni tsopano."

Ku Lilongwe ndinalipira kuti moyo wanga ukwane pepala limodzi. Kwathu anali nawo wonse pamtima, wopanda mpata, ndipo anandipatsabe kalata yanga.