Gudumu la Ngolo ya Mayi Wymark

Mayi Wymark anali mkazi wa Gamel, woyendetsa ngolo kwathu ku Thornby. Chaka chimene mvula inawoletsa tirigu, kavalo wawo anadzidzimuka pamtsetse wa kuchigayo. Gamel anagwa, gudumu n'kumuponda pachifuwa, n'kufa osalapa n'komwe.

Patapita masiku atatu kunabwera wofufuza za imfa, wotumidwa ndi mfumu. Anatiitana amuna khumi ndi awiri, ine mmodzi wa iwo, n'kutilumbiritsa.

"Chilichonse chimene chinayenda n'kupha munthuyu ndi deodand," anatero. "Chikupita kwa mfumu."

Mayi Wymark anatembenukira kwa wansembe wathu. "Abambo, mawu amenewa akuti chiyani?"

"N'Chilatini, mwana wanga: choyenera kuperekedwa kwa Mulungu. Ndinamva kuti kalelo ankachipereka kwa osauka, kuti apempherere mzimu wa wofa mwadzidzidzi."

"Nanga mfumu yakhala liti Mulungu?"



Tonse tinkadziwa kuti kavalo ndiye anayambitsa, ngolo n'kutsatira. Tinkadziwanso kuti pakhomopo pali ana anayi. Tinakanong'onezana kuseri kwa tchalitchi, ndipo Thurstan wosula zitsulo anatiyankhulira.

"Bwana, chinayenda ndi gudumu lakumanzere basi."

"Kavalo ataima chilili?"

"Kavalo ameneyo ndi waulesi, bwana. Ngakhale mutamuyatsa moto kumchira."

Wofufuzayo anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba gudumu.

Mmisiri atasema lina, Mayi Wymark anakwera okha pangolo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ananyamula mchere, ubweya wa nkhosa ndi miyala ya mphero. Pamtsetse paja ankatsika nthawi zonse, n'kumayenda pansi atagwira chingwe.

Sanatithokoze. Tsiku lina ndinawapeza akupesa kavalo uja, atakalamba, nthiti zili pamtunda.

"Mulungu munamupatsa gudumu, achimwene, ine n'kundisiyira wakupha," anatero. "M'mawa uliwonse ndimamudyetsa ndisanadye."

"Tikananena zoona, mlongo, ana akanadya chiyani?"

"Ndikudziwa. Koma mzimu wa Gamel, pemphero la gudumu limodzi linaukwanira?"

Inenso bodza lija ndinali nditalilapa kawiri konse.

Kavaloyo atafa, anakana kugulitsa chikopa chake. Anamukwirira kumapeto kwa munda, mwana wawo wamkulu akudandaula kuti nthaka yauma ndi chisanu. Mayi Wymark anamwalira zaka zitatu pambuyo pake, pakama pawo, wansembe ali pambali.